Penate Yoonera pa Nkhope ya a Nesi

A Nesi anamva za imfa yawo Lachiwiri m'mawa, ali bwinobwino, atavala diresi yawo yamaluwa ndi nsapato zoyendera ulendo.

Zonse zinayamba ndi buku. Mwana wawo wamkazi, uja ankangokhalira kulembalemba kuyambira ali wamng'ono, analemba buku lonena za bambo ake ndi matenda awo a mpira. Ndikuti matenda chifukwa a Nesi, amene anagwira ntchito m'chipatala mpaka kupuma, sankatchula mwina. Amuna awo anali dalaivala wa basi, munthu wofatsa, wosamwa mowa, wosayendayenda, koma anakakamira timu ina yovala zobiriwira imene ntchito yake inali kugonja. Inkagonja pakwawo, inkagonja koyenda, mvula igwe, dzuwa liswe mtengo. Iwo osajomba ngakhale Loweruka limodzi.

Kubwalo konse ankawadziwa ndi dzina lakuti a Chambuyo. Timu yawo ikapatsidwa penate, iwo ankaimirira n'kutembenuka, msana kuloza kubwalo. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akangoyang'ana, mpira sulowa. Nanga ankadziwa bwanji kuti walowa? Phokoso sankalikhulupirira, poti masapota a mbali zonse amakuwa mofanana. Ankayang'ana nkhope ya munthu wokhala mzere wa kumbuyo kwawo, ndipo munthuyo anali a Nesi.

Ndimo mmene anadziwirana. A Nesi ali mtsikana anatumizidwa kubwalo ndi kabokosi ka mabandeji kuti azithandiza okomoka. Za mpira sankadziwa kanthu. Anangoona mnyamata wamtali watembenuka n'kuwayang'anitsitsa, milomo ikunjenjemera, ndipo anaganiza kuti wodwala woyamba ndi ameneyu. Akutsegula kabokosi, mnyamata uja anati, "Chonde musandiyang'ane ine, yang'anani mpirawo." Anayang'ana, mpira unalowa, ndipo kaya nkhope yawo inachita chiyani, mnyamatayo analumpha mpaka kugwetsa chipewa cha munthu wina. Loweruka lotsatira anawasungira malo.

Zonsezi zinalimo m'buku, mutu wathunthu. A Nesi ankauza aliyense kuti alibe nthawi yowerenga za mpira, koma masamba a mutu umenewo okha ndiwo anali akuda m'mphepete.

Bukulo linayenda malonda, mpaka anthu a mafilimu analifuna. Tsiku lina mwana uja anabwera kudzapempha chithunzi cha amayi ake, ndipo a Nesi anapereka chokongola kwambiri, chimene anajambulitsa atavala yunifolomu yoyera. Mumtima ankati akufuna kupeza wosewera mufilimu wofanana nawo. Anamuuza mwanayo kuti asawasankhire wonenepa masaya. Mwanayo anangoyang'ana pansi, koma a Nesi sanaganize kanthu.

Lachiwiri lija anaitanidwa, iwo ndi amuna awo, kuti akaone kumene akujambula. Inali nyumba yaikulu yosungiramo katundu, ndipo pakati pake anthu aja anali atamangamo chipinda chawo chochezera. Chinali ndi makoma atatu okha, koma zina zonse zinalimo: mpando wa a Chambuyo wolowa pakati, kalendala ya timu, kansalu koluka kophimba pa TV, ngakhale wailesi yomanga ndi mphira. A Chambuyo anathamangira wailesiyo ngati aona m'bale wawo.

A Nesi anaona chithunzi chawo. Chinali pakhoma, pamwamba pa TV, chitakulitsidwa bwino. Pakona pake panali riboni yakuda.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa.

Mwana wawo anazimiririka kuseri kwa khoma lonamizira lija. Amene anabwera kudzayankha anali mkulu wa filimuyo, bambo wachinyamata waulemu amene sankavula chipewa ngakhale m'nyumba. A Nesi anamupatsa dzina la Wachipewa pomwepo.

"Amayi, musakhumudwe," anatero Wachipewa, manja ali pamodzi. "Buku ndi buku, filimu ndi filimu. M'buku mungakhale anthu ambirimbiri, koma filimu imafuna munthu mmodzi woti anthu amumvere chisoni. Ndiye tinaganiza zoti bambowa akhale oti mkazi anamwalira, atsala ndi timu yawo yokha."

"Ndafa ndi chiyani?"

"Sitinanene. Matenda basi."

"Matenda anji? Ndine nesi, mungathe kundiuza."

Wachipewa anakanda kumbuyo kwa khutu.

"Chabwino," anapitiriza a Nesi. "Nanga pa penate, akatembenuka, aziyang'ana ndani?"

"Satembenuka, amayi. Anthu akufuna kuona maso a munthu ali pa mpira. Msana sujambulika."

Anauyamba ulendo wobwerera kunyumba. A Chambuyo, amene moyo wawo wonse ankaona msewu bwino koma mavuto a m'nyumba ankawaona mochedwa, anati, "Koma wailesi ija aifananiza ndithu. Ngakhale mphira wake."

Kuyambira tsiku limenelo nyumba inavuta. A Chambuyo akafunsa kumene kuli malaya awo obiriwira, yankho linali lakuti, "Funsani amoyo." Akafunsa ngati tiyi wapsa, ankauzidwa kuti akufa sawiritsa madzi. Mnzawo wina wa kuchipatala atabwera kudzacheza, a Nesi anamulandira pakhomo ndi mawu akuti, "Wabwera kudzapepesa maliro? Ofedwa ali mkatimo, akumvera mpira." Mwana wawo anabwera kudzalongosola kuti anakana, anakangana nawo anthuwo mpaka kulira, koma akagula buku, mphamvu zimakhala ndi iwowo. A Nesi anamupatsa chakudya n'kumuuza kuti adye msanga, poti chophikidwa ndi mzukwa chimazizira.

Ankaseka nazo, koma kunena zoona zinawapweteka kwambiri. Mpira sanaukondepo. Zaka zonsezo anakhala pa simenti yotentha, ananyowa ndi mvula, anamva zotukwana zimene sanazimvepo ngakhale kuchipinda chochilira. Ndiye lero kubwere munthu wa chipewa n'kunena kuti nkhani ikuima bwino popanda iwo. Choipa kwambiri n'chakuti anayamba kuganiza kuti mwina akunena zoona. Mwina nkhope iliyonse ikanakwana, ngakhale ya wogulitsa maswiti.

Anawafunsa amuna awo masana ena akupukuta nsapato pakhonde. "Tsiku lija kukanakhala kuti kumbuyo kwanu kunakhala munthu wina, si bwenzi mutangoyang'ana yemweyo?"

A Chambuyo anaganiza nthawi yaitali, bulashi ili m'manja. "Koma munali inu," anatero.

Yankho lake limenelo. A Nesi analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

Mbali yomaliza ya filimu inali ya tsiku lokhalo limene timu yobiriwira inatenga chikho, ndi penate ya kumapeto. Anakajambulira kubwalo lenileni, ndipo pofuna khamu, Wachipewa anaitana masapota enieni kuti adzadzaze mbali imodzi. Apa ndiye analakwitsa, koma anali asanadziwe. A Chambuyo anadzuka m'mamawa kusita malaya awo okha. A Nesi anati sapita. Kenaka anakumbukira kuti kukakhala madala ambiri padzuwa, ena a shuga, ena othamanga magazi, ndipo anatenga kabokosi kawo. Anauza amuna awo kuti akupita ku ntchito, osati ku filimu.

Kubwalo anapeza malo a a Chambuyo atakhalapo munthu wina, wosewera amene anamupaka imvi ndi kumuveka malaya obiriwira otuwa. Ameneyo ndiye anali a Chambuyo a mufilimu. A Chambuyo enieni anawakankhira chakumbali, pakati pa khamu. A Nesi sanafunse munthu. Anakwera masitepe n'kukhala pamalo pawo pa masiku onse, kumbuyo kwenikweni kwa wosewerayo, kabokosi pamiyendo.

Mtsikana wina wa gulu lojambula, mahedifoni ali m'makutu, anabwera akuthamanga. "Amayi, pamenepo pakuoneka pa kamera, mungasunthireko uko?"

"Sindioneka, mwanawe. Ndinafa."

Mtsikanayo anawayang'ana, anayang'ana kabokosi, ndipo anapita kukavutitsa ena.

Ntchito yake inali yosavuta. Goloboyi anauzidwa kuti agwere kumanzere, womenya amenye kumanja, khamu likuwe, a Chambuyo opaka imvi alire maso ali pa mpira. Vuto linali womenyayo. Anamusankha chifukwa cha nkhope, mnyamata wokongola ndithu, mano oyera, tsitsi lometa bwino, koma miyendo yake ndi mpira zinali zisanadziwanepo.

A Chambuyo enieni ataona mpira waikidwa pamalo pake anaimirira n'kutembenuka, monga mwa masiku onse.

"Imani kaye!" anakuwa Wachipewa pa chimkuzamawu. "Bambo, chonde, khamu lonse likuyang'ana kutsogolo, inu nokha msana. Mukuononga chithunzi."

"Koma ndikayang'ana sulowa," anatero a Chambuyo.

"Ulowa, bambo. Zinalembedwa kale."

A Chambuyo ndi munthu womvera malamulo a pamsewu. Anatembenukira kubwalo, n'kuona penate ndi maso awo koyamba chikhalire. Mnyamata wokongola anathamanga, anamenya, mpira unapita m'mwamba n'kukagwera kuseri kwa mpanda. Khamu linaseka.

Anabwereza. Mpira unamenya mtengo wa golo. Anabwerezanso, mnyamata anaterereka n'kukhala pansi. Ulendo wina goloboyi anagwera kumanzere monga anamuuzira, mpira n'kumutsatira komweko n'kukamumenya pamimba. Wina anaganiza zoti goloboyi agwe msanga n'kungogona, golo yonse itsale pululu. Mnyamata anayang'ana golo yopanda munthu, anapuma mozama, n'kumenyera kunja.

Apa kuseka kunali kutatha. Masapota aja anabwera kudzanamizira, koma anali anthu oti aona zoterezi Loweruka lililonse, ndipo mabala akale anatukusika. Anayamba kutukwana zenizeni. Anatukwana womenya, anatukwana mphunzitsi wa timu amene kunalibe, anatukwana ngakhale refu, bambo wosalakwa amene anangobwerekedwa kuti avale zakuda. Madala ena anagwira pachifuwa, a Nesi n'kuwapatsa madzi ndi kuwakupiza ndi katoni. Dzuwa linali litapendeka, ndipo wa kamera ankangoloza kumwamba kuti kuwala kukutha.

Ndipo mayi wina wonenepa wa ng'oma, amene ankatsogolera nyimbo kubwaloko kuyambira kale, anaimirira. "Ulowa bwanji mpira," anafunsa, "a Chambuyo awiri onse akuyang'ana?"

Khamu linagwirizana nazo. Ng'oma inayamba. "Atembenuke, atembenuke, atembenuke." Wachipewa anayesa kulongosola kuti zimenezo n'zikhulupiriro chabe, koma mawu ake anamira. Anayang'ana dzuwa, anayang'ana mnyamata wake, n'kuponya manja m'mwamba.

"Chabwino, atembenuke, kamodzi kokha, kuti anthuwa akhale chete. Iwe wa kamera yachiwiri, pita kuseri kwa phewa la wopaka imviyo, ujambule chilichonse."

Wosewera wopaka imvi anaimirira n'kutembenuka. "Ndiyang'ane chiyani?" anafunsa, ndipo funsolo linathera m'kamwa, chifukwa maso ake anagwera pa a Nesi, amene anali atakhala chiwongokere, kabokosi pamiyendo.

A Nesi anali atakonzeka. M'chipatala anaphunzira nkhope ina yake, yoti wodwala asadziwe ngati zili bwino kapena zaipa, ndipo anaivala imeneyo. Anthu oti anawapha asapezepo kanthu. Koma kenaka anamva chipwirikiti chakumbali, anthu akudandaula kuti apondedwa. Anali a Chambuyo enieni, akudumpha miyendo ya anthu, chifukwa pamene anawaika paja nkhope ya akazi awo sinkaoneka. Anafika ali wefuwefu, anaima pambali pa wosewerayo, kunja pang'ono kwa kamera, msana kubwalo. Milomo inkanjenjemera.

"Mwapenga kodi?" ananong'ona a Nesi. "Ndi filimu iyi."

"Chonde musandiyang'ane ine," anatero a Chambuyo. "Yang'anani mpirawo."

A Nesi anayang'ana. Wenzulo inalira. Mnyamata anathamanga ngati akupita kukabayidwa jakisoni, phazi linakhula pansi, mpira n'kungokhudzidwa pang'ono. Unayamba kugubuduka pang'onopang'ono. Goloboyi anali atagona kale kumanzere, akuuyang'ana ukudutsa. Bwalo lonse linasiya kupuma. Mpira unafika pamzere, unakhala ngati ukuganiza, kenaka unawoloka.

Zimene nkhope yawo inachita a Nesi sanazidziwe. Anangoona a Chambuyo awiri alumpha nthawi imodzi n'kukumbatirana, imvi zopaka zikutsalira pa malaya a mnzawo. Masapota anathamangira m'bwalo n'kumunyamula mnyamata uja pamapewa. Mayi wa ng'oma ankalira ngati chikho chabweranso.

Patapita nthawi Wachipewa anakwera masitepe atanyamula kakanema kakang'ono koonerapo zimene ajambula. Anakhala pansi pambali pa a Nesi ndipo anavula chipewa. Anali ndi dazi, mwana womvetsa chisoni.

"Chigoli chija sitingachionetse," anatero. "Anthu angaseke. Kuwala kwatha, ndipo mnyamata uja wati samenyanso mpira moyo wake wonse. Koma kamera yachiwiri yajambula chinthu china." Anayang'ananso kakanema kaja, n'kupukusa mutu. "Amayi, tili pavuto. Inu munamwalira kumayambiriro kwa filimu."

"Ndidzutseni."

"Ndiye kuti za m'nyumba zonse zija tijambulenso."

"Jambulani. Riboni ija muchotse, ndipo chithunzi changa mubweze ndi felemu yomwe."

Anafuna kuwaonetsa zimene kamera inatola, koma a Nesi anakana. Anati ali ndi odwala.

Ndimo mmene a Nesi, atapuma kale ntchito, anakhalira wosewera mufilimu. Sanawapatse mawu ambiri. Ankangodutsa m'chipinda cha makoma atatu chija ndi kapu ya tiyi, n'kuuza mwamuna wopaka imvi kuti achepetse wailesi, ndipo Wachipewa ankati palibe amene anachitapo bwino chotere ulendo woyamba. Mwana wawo, amene tsopano ankayenda mutu uli m'mwamba, anati n'chifukwa choti akhala akuyeserera kwa zaka zambiri.

Filimu itatha anaionetsa koyamba Loweruka masana, m'holo ya mipando yofewa. Masapota anabwera ndi malaya obiriwira, ndipo mayi wa ng'oma uja alonda anamulanda ng'oma yake pakhomo. Banja la wolemba buku analisungira mipando itatu yoyandikana, koma a Chambuyo anakambirana ndi munthu wa mzere wa kutsogolo n'kusinthana naye. A Nesi anaona, anadziwa, n'kukhala pampando wawo.

Filimu inali yabwino, ngakhale kuti zambiri za m'buku anazisiya. Anthu anaseka pa wailesi ya mphira. Anaseka a Nesi atalowa ndi tiyi, ndipo a Nesi anaona kuti diresi yamaluwa ija imawakhala bwino kuposa mmene ankaganizira. Kenaka inafika penate. Pa chinsalu, mpira unaikidwa pamalo pake, mnyamata wokongola anabwerera m'mbuyo, mwamuna wopaka imvi anatembenuka. Mu mzere wa kutsogolo, mpando unalira, a Chambuyo enieni n'kuimirira, msana ku chinsalu.

"Munalipo pojambula," ananong'ona a Nesi. "Mukudziwa kuti ulowa."

"Yang'anani mpirawo."

Koma mpira panalibe. Chinsalu chonse, kuchokera pansi mpaka kudenga, chinadzaza ndi nkhope ya mayi wachikulire. Poyamba inali gwa, nkhope ya kuchipatala ija. Kenaka nsidze zinayamba kukwera, mlomo wa m'munsi unalowa pakati pa mano, mutu unapendekera kumanja ngati ukuthandiza kukankha chinthu. Maso anakula. Ndipo mwadzidzidzi nkhope yonse inamasuka, makwinya onse anathamangira m'mwamba, ndipo maso aja sanakhalitse kubwalo ngakhale pang'ono. Anatsika nthawi yomweyo kufunafuna munthu wina amene anaima kumbali, kunja kwa chithunzi, ndipo atamupeza, chimwemwe chimene chinali m'masomo sichinali cha mpira ayi.

A Nesi anachita manyazi mpaka m'makutu munatentha. Zaka zonsezi ankadziona ngati mayi wouma mtima amene amangopirira misala ya mwamuna wake, ndipo ankaganiza kuti zimene zili mumtima mwawo amazibisa bwino. Osadziwa kuti Loweruka lililonse zinkakhala poyera chonchi, ndipo munthu mmodzi ankaimirira dala kuti aziwerenge. Wogulitsa maswiti sakanatha zimenezi. Misozi inatsika, osaipukuta.

Holo yonse inali itaimirira, ikukuwa chigoli chimene palibe anachiona. Mwana wawo ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. A Chambuyo okha sanacheuke n'komwe kuti aone nkhope yaikulu ija. Ankayang'ana yaing'onoyo, ya mumdima, imene kuwala kwa chinsalu kunkaiwalitsa pang'ono.

"Walowa," anatero.

"Ndiye zimene mwakhala mukuona zimenezi?"

"Zimenezo."

"Osandiuza bwanji?"

"Mukanasiya," anatero a Chambuyo.

A Nesi anatambasula dzanja n'kugwira mkono wa malaya obiriwira aja, amene kolala yake inali yosasitidwa bwino.

"Khalani pansi, mukutchinga anthu," anatero. Koma mkonowo sanausiye.